Richmond Park: tchire la agwape losamalidwa ndi khoma, nkhwangwa ndi mfuti

Kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa London kuli malo a mahekitala pafupifupi 955 ozunguliridwa ndi khoma la njerwa, ndipo m'katimo mumakhala agwape oposa 600 amene amadya ndi kugona pomwe afuna. Malowa ndi Richmond Park, paki yaikulu kuposa mapaki ena onse achifumu a mumzindawu. Mlendo akalowa pachipata amaona udzu wofiirira, mitengo ikuluikulu yamphako ndi zipika zowola zili mbwee, n'kuganiza kuti wafika m'tchire lomwe anthu analiiwala. Wodziwa amayang'ana kunsi kwa mitengo. Masamba onse amathera pamzere umodzi, mamita pafupifupi 1.5 kuchokera pansi, ndipo kunsi kwa mzerewo maso amapenya patali popanda chotchinga. Pamenepo ndi pomwe mlomo wa gwape umalekezera, monga zimachitira mbuzi ndi mitengo ya pafupi ndi khola. Maonekedwe onse a pakiyi amachokera ku milomo imeneyi, ndipo ntchito yaikulu ya oyang'anira ndi kuonetsetsa kuti milomoyo isachuluke kapena kuchepa mopitirira muyeso.

Mpanda usanakhale wa njerwa

Anthu a ku Normandy, kumpoto kwa France, atalanda England mu 1066, kusaka nyama zikuluzikulu kunasanduka mwayi wa mfumu, nduna zake ndi mabishopu. Nyama ya gwape inali yoperekana ngati mphatso pakati pa akuluakulu, ndipo wofuna kukhala nayo nthawi iliyonse ankatchinga malo n'kusungiramo agwape amoyo. Akatswiri a mbiri yakale amayerekezera kuti pofika chaka cha 1300 mu England munali mapaki otere oposa 3,000.

Mpanda wake unkamangidwa mwanzeru. Ankakumba ngalande kumbali ya m'kati, dothi lofukulidwalo n'kuliunjika kunja kwa ngalandeyo kuti likhale mtumbira wautali, kenako pamwamba pa mtumbirawo n'kuzikapo matabwa a mtengo wa oak. Gwape wofuna kuthawa ankayenera kudumpha kuchokera m'dzenje, motero mpanda wooneka waufupi kwa munthu wa kunja unali wautali kwambiri kwa nyama ya m'kati. Matabwawo ankachita kung'amba osati kucheka ndi sowo, chifukwa thabwa long'ambidwa limatsata mitsempha ya mtengo ndipo madzi salilowa msanga. Mapaki ambiri anali ozungulira, opanda ngodya, popeza mpanda wozungulira umatchinga malo aakulu ndi matabwa ochepa. M'malo ena ankasiya podumphira: kunja dothi lokwera pang'onopang'ono, m'kati phompho. Gwape wa kutchire ankalowa mosavuta koma osathanso kutuluka, ndipo n'chifukwa chake podumphira potere pankafunika chilolezo cha mfumu.

Richmond Park inabwera mochedwa, mwambowu utayamba kale kuzilala. Mu 1625 Mfumu Charles I inasamukira ku nyumba yachifumu ya ku Richmond pothawa mliri umene unabuka mu London. Inakopeka ndi zitunda za pafupi, ndipo pofika 1637 inali itazitchinga ndi khoma la njerwa la makilomita pafupifupi 13, lotalika mpaka mamita 2.7 m'malo ena. M'katimo munalowa minda ya anthu ndi malo odyetsera ziweto a midzi monga Ham, Petersham ndi Mortlake, eni ake ambiri asakufuna. Pofuna kuziziritsa mitima, mfumuyo inalola kuti oyenda pansi azidutsa ndiponso kuti osauka azitola nkhuni. Itaphedwa mu 1649, Nyumba ya Malamulo inapereka pakiyi kwa akuluakulu a mzinda wa London, omwe anaibweza kwa mwana wake, Mfumu Charles II, mu 1660.

Kunja kwa khomali kuli kachigawo ka mamita 5 m'lifupi komwe n'ka pakiyi, ngakhale m'malo momwe kamaoneka ngati mbali ya bwalo la nyumba za anthu. Anakasiya kuti amisiri azipeza podutsa pokonza khoma. Kukonzako sikutha. Mizu ya mitengo imakankha maziko, ndipo dothi la makande limafufuma kukagwa mvula n'kunyala kukauma. Cholakwa chimene chimaononga makoma akale otere ndi kumata ndi simenti. Njerwa zakale n'zofewa ndipo zinamangidwa ndi matope a laimu ndi mchenga, amene amalola chinyezi kutuluka. Simenti imatsekera chinyezicho m'njerwa. Kukazizira madziwo amaundana n'kufufuma, nkhope ya njerwa n'kuyamba kusuzumuka. Choncho pokonza amagwiritsanso ntchito laimu, ndipo amapewa kumanga m'miyezi ya chisanu matopewo asanaume.

Ufulu wodutsa uja unatsala pang'ono kutayika. Amelia, mwana wamkazi wa Mfumu George II, atalandira udindo woyang'anira pakiyi mu 1751 anatseka zipata, n'kumalola anzake okha ndi amene wawapatsa chiphaso. John Lewis, wofulula mowa wa ku Richmond, atabwezedwa pachipata cha Sheen anakasuma, ndipo mu 1758 khoti linagamula kuti oyenda pansi ali ndi ufulu wodutsa. Pakhoma anaikapo makwerero okwera mbali ino n'kutsikira mbali inayo, njira imene imalowetsa munthu popanda kutulutsa gwape. Chipata china mpaka lero chimatchedwa Ladderstile Gate chifukwa cha makwerero amenewo.

Nyumba za m'kati

Nyumba zambiri za m'pakiyi zinayamba ngati zogwirira ntchito ya usaki. White Lodge inamangidwa cha m'ma 1727 mpaka 1730 kuti George II azipumulirako akamasaka. Edward VIII, yemwe anadzakhala mfumu, anabadwira m'menemo mu 1894, ndipo kuyambira 1955 ndi sukulu ya ana ophunzira gule wa ballet. Pembroke Lodge inali kanyumba ka munthu wotchera mfuko, chifukwa milu ya mfuko inkapunthwitsa akavalo a alenje. Inakulitsidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ndipo mu 1847 Mfumukazi Victoria inaipereka kwa nduna yaikulu Lord John Russell. Mdzukulu wa Russell, katswiri wa filosofi Bertrand Russell, anakulira m'nyumbayi. Lero anthu amamweramo tiyi ndi kuchitiramo maukwati. Nkhondo nazo zinasiya mapazi ake: pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse munamangidwa chipatala cha asilikali a ku South Africa, ndipo msasa wa asilikali wa pa nkhondo yachiwiri unasandutsidwa malo ogona ochita masewera a Olympic a 1948. Zonse ziwirizi zinagwetsedwa.

Pafupi ndi Pembroke Lodge pali chimulu chotchedwa King Henry's Mound, chomwe akatswiri amachiyesa manda a anthu akalekale. Nkhani yoti Mfumu Henry VIII anaimirira pamenepo kudikira chizindikiro choti mkazi wake Anne Boleyn waphedwa ndi nthano chabe. Chenicheni n'chakuti ukasuzumira pakabowo kodulidwa mumpanda wa zitsamba umaona denga lozungulira la tchalitchi cha St Paul's, makilomita 16 kum'mawa. Mpata umenewu umatetezedwa ndi malamulo a kamangidwe ka mzinda, ndipo mitengo ya m'njira yake imasadzidwa kuti isatseke. Mu 2016 anthu anadandaula kwambiri nyumba ina yosanja ya ku Stratford itatulukira kumbuyo kwa dengalo.

Dothi losauka ndilo chuma chake

Pansi pa pakiyi pali makande, ndipo pamwamba pa zitunda pali mchenga ndi timiyala. Dothili ndi la asidi komanso lopanda chonde. Mlimi angalinyoze, koma n'lomwe lasunga udzu wa mtundu wosowa kwambiri m'chigawo cha London: udzu waufupi wa masamba opyapyala wosakanikirana ndi timaluwa ting'onoting'ono monga tormentil ndi harebell. Zomera zimenezi zimapirira njala koma sizipirira mpikisano. Dothi likangolandira chonde, udzu wamphamvu umakula msanga n'kuziphimba.

Choncho mdani wa udzuwu ndi manyowa. Nayitrojeni wochokera ku utsi wa magalimoto amagwera pansi ndi mvula, ndipo chimbudzi cha agalu osaoleredwa chimawonjezera. Ndowe za agwape sizivuta motero chifukwa zimangobweza zomwe nyamazo zadya pomwepo, pamene galu amabwera ndi chakudya chochokera kunja kwa khoma. M'malo momwe udzu wakula kwambiri amaumweta n'kuututa. Kuusiya kuti uwolere pomwepo n'kuthira feteleza pamalo pomwe akufuna kusaukitsa.

Mu udzumo muli timilu tambirimbiri tofika m'mawondo, tophimbidwa ndi zomera. Timamangidwa ndi nyerere zachikasu zomwe sizionekaoneka kunja. Zimakhala pansi n'kumaweta nsabwe za mizu ya udzu, n'kumamwa timadzi totsekemera tomwe nsabwezo zimatulutsa. Kamulu kamakula pang'onopang'ono ndipo tina tatha zaka zoposa 100. Khasu kapena pulawo ikadutsapo kamodzi, ntchito yonseyo yatha. N'chifukwa chake timilu tikuluto timasonyeza malo amene sanalimidwe kwa nthawi yaitali, ndipo pomwe panalimidwa mbewu pa nkhondo yachiwiri pamaoneka posalala. Kamulu kalikonse kali ndi mbali yotentha yoyang'ana kumwera ndi mbali yozizira, ndipo mbali ziwirizi zimamera zosiyana. Gogomole wobiriwira amadalira nyererezi. Amaboola kamulu n'kulowetsa lilime lake lalitali.

Chomera chimene chimalanda malo kwambiri ndi bracken, chomera cha masamba onga nthenga chomwe chikuvutitsanso ku Nyika. Agwape sachidya kwenikweni, ndipo chimafalikira ndi mizu yoyenda pansi. Kuchidula kamodzi sikuthandiza. Amadikira mpaka pakati pa chaka, masamba atatambasuka onse, pamene mizu yatulutsa chakudya chomwe inasunga, kenako amadutsapo ndi chigudumu chamizeremizere chokokedwa ndi akavalo akuluakulu a mtundu wa Shire. Chigudumucho chimatswanya tsinde malo angapo osalidula, chomeracho n'kumataya madzi ake, mizu n'kumafooka. Ntchitoyi imabwerezedwa zaka zingapo zotsatizana. Akavalo amawasankha chifukwa sapanikiza dothi ngati thalakitala. Sachotsa chonse ayi, popeza ana a agwape amabisidwa m'menemo.

Madzi a pakiyi nawonso ndi ochita kukonza. Maiwe awiri aakulu a Pen Ponds anakumbidwa mu 1746, ndipo pa nkhondo yachiwiri anawaphwetsa kuti asamalozere njira ndege za adani. Kum'mawa kumadutsa kamtsinje ka Beverley Brook.

Agwape ndi chaka chawo

Mitundu ilipo iwiri. Agwape ofiira, omwe Angerezi amati red deer, ndi a m'dzikomo kuyambira kale ndipo ndi nyama yakutchire yaikulu kwambiri ya pamtunda ku Britain. Mphongo imatha kufika makilogalamu 190. Enawo, fallow deer, anafalitsidwa ndi anthu a ku Normandy aja. Ndi ocheperapo thupi, mphongo sipitirira kwenikweni makilogalamu 95, nyanga zake n'zophwatalala kunsonga, ndipo khungu limasiyanasiyana: ena amawangamawanga, ena akuda, ena oyera.

Nyanga zawo n'zosiyana ndi za nswala kapena mbawala, zomwe zimamera kamodzi pa moyo wonse. Izi ndi fupa lenileni lokhala ndi mphanda, zimamera pa amphongo okha, ndipo zimathothoka chaka chilichonse cha m'Malichi mpaka Meyi. Zatsopano zimaphuka nthawi yomweyo zitakutidwa ndi kakhungu kaubweya kodzaza mitsempha ya magazi, ndipo pa mphongo yaikulu zimatha kukula masentimita awiri kapena kuposa pa tsiku. Pofika Ogasiti magazi amasiya kuyenda, kakhungu kaja kamafota, nyamayo n'kumakhula nyanga pa timitengo mpaka zitayera. Kamtengo kakang'ono kokhulidwa chotero kamasupuka khungwa kuzungulira n'kuuma. Nyanga zogwa pansi n'zoletsedwa kutola, chifukwa agwape omwewo amazikukuta kuti abwezeretse mchere womangira mafupa.

Kuyambira kumapeto kwa Seputembala mpaka Novembala ndi nyengo yokwerana. Mphongo yofiira imatupa khosi, imagubuduka m'matope, imabangula, n'kusonkhanitsa zazikazi. Ikabwera inzake siziyamba ndi kugundana. Zimayamba zapikisana kubangula, kenako zimayenda moyandikana zikuyesana ndi maso, ndipo nthawi zambiri yofooka imapatuka pamenepo. Zikalingana mphamvu m'pamene zimakolana nyanga n'kukankhana. Masabata onsewa mphongo sidya mokwanira ndipo imatha kutaya gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake, chisanu chili pakhomo. Apa m'pamene zipatso za oak ndi chestnut zimafunika kwambiri, ndipo n'chifukwa chake kutola zipatsozi m'paki n'koletsedwa. M'miyezi yozizira, Disembala mpaka Febuluwale, udzu sukula, choncho oyang'anira amawonjezera chakudya chogula.

Bere limatenga miyezi pafupifupi 8, ndipo ana amabadwa kuyambira Meyi mpaka Julayi, kawirikawiri mmodzi pa mayi aliyense. Masiku oyamba mayi amasiya mwana atagona chete mu bracken kapena mu udzu wautali, n'kumabwera kudzayamwitsa. Mwana wopezeka yekha sanatayidwe. Mayi ali chapafupi ndipo akuona.

Tsopano masamu. Agwape 630 pa mahekitala 955 ndiye kuti agwape awiri pa mahekitala atatu aliwonse. Mimbulu inatha ku England zaka mazana ambiri zapitazo, ndipo khoma sililola nyama kusamuka. Gululi limawonjezeka ndi pafupifupi 30 pa 100 aliwonse chaka chilichonse. Litasiyidwa, 630 angafike 820 chaka choyamba, kupitirira 1,000 chachiwiri, n'kuyandikira 1,400 chachitatu. Udzu ungathe, makungwa angasendedwe, nyama zingaonde, ndipo matenda ndi njoka za m'mimba zingafale chifukwa chodyera pamodzimodzi. Choncho chaka chilichonse agwape pafupifupi 200 amaomberedwa: aakazi mu Novembala, amphongo mu Febuluwale.

Kuombera aakazi ndiko kumachepetsa gulu. Mphongo imodzi imakwera zazikazi zambiri, motero ngakhale mutapha theka la amphongo ana adzabadwa ochuluka chimodzimodzi. Amphongo amachotsedwa kuti chiwerengero cha amuna ndi akazi chisapendekeke, komanso kuti pakhale misinkhu yonse, aang'ono, apakati ndi akuluakulu. Oyamba kusankhidwa ndi odwala, ovulala ndi okalamba amene mano awo aperepeseka, chifukwa gwape wopanda mano amafa ndi njala udzu uli pomwepo. Lamulo la ku England la 1991 limaletsa kuombera aakazi a mitundu iwiriyi kuyambira Epulo mpaka Okutobala, nthawi imene ali ndi bere lalikulu kapena akuyamwitsa, ndipo limafuna mfuti ya mpope wosachepera mainchi 0.240 m'mimba mwake kuti nyama ife nthawi yomweyo. Ku Richmond ntchitoyi imagwiridwa usiku ndi antchito ophunzitsidwa, zipata zonse zitatsekedwa, kwa masabata angapo. Nyamayo imagulitsidwa kwa ogula ovomerezeka ndipo ndalama zake zimabwerera ku ntchito za mapaki.

Chaka chilichonse pamakhala ofunsa ngati palibe njira ina. Kusamutsa kunatheka ndi njovu za ku Liwonde ndi Majete chifukwa ku Nkhotakota kunali malo ozilandira. Ku Britain agwape a kutchire achuluka kale moti eni nkhalango akudandaula nawo, ndipo gwape wogwidwa amanjenjemera ndi mantha mpaka kufa nawo nthawi zina. Mankhwala olera angafune kubaya yaikazi iliyonse mobwerezabwereza, ndipo oikidwa m'chakudya angadyedwenso ndi amphongo, mbalame ndi nyama zina. Kuombera sikusangalatsa, koma mwa njira zomwe zilipo ndi yomwe imazunza nyama pang'ono.

Zomwe alendo amalakwitsa

Pakiyi imalandira anthu mamiliyoni angapo pachaka, ndipo ambiri amaiwala kuti agwapewa si oweta. Lamulo ndi kutalikirana nawo mamita 50. Wowapatsa chakudya amawaphunzitsa kutsata anthu, ndipo mawa mphongo yomweyo idzatsata mwana wonyamula thumba. Mapepala a pulasitiki ndi timapaketi ta zakudya timene okwera njinga amataya timatsakamira m'chifu cha gwape, nyamayo n'kumaonda mpaka kufa. Kuyambira 1 Meyi mpaka 31 Julayi galu aliyense ayenera kukhala pachingwe, chifukwa mayi woteteza mwana amathamangitsa galu n'kumupondaponda ndi miyendo yakutsogolo. Gwape akayamba kukulondolani muli ndi galu, malangizo ndi oti mutaye chingwecho: galu amathawa msanga kuposa inu, ndipo gwapeyo akufuna galuyo. Agalu amaononganso zisa za mbalame ya skylark, yomwe imaikira mazira pansi, motero madera ake amatetezedwa padera.

Mu udzu wautali muli nkhupakupa, ndipo zina zimafalitsa matenda a Lyme. Ikakulumani, igwireni ndi kopanira kosongoka pafupi kwambiri ndi khungu n'kukoka molunjika pang'onopang'ono. Kuiotcha kapena kuipaka mafuta kumaichititsa kulavulira m'bala. Pakatuluka chizindikiro chofiira chozungulira chomwe chikukula, kapena thupi likayamba kuphwanya masabata otsatira, pitani kuchipatala. Matendawa amachizika ndi maantibayotiki akapezeka msanga.

Mitengo yomwe inaona khoma likumangidwa

Mu pakiyi muli mitengo yokalamba kwambiri yoposa 1,000, yambiri ya oak, ndipo umodzi wotchedwa Royal Oak akuuyerekezera zaka 750. Ina imaima pamzere, kusonyeza malire a minda yomwe inalipo Charles I asanatchinge. Yambiri ili ndi thunthu lalifupi lonenepa ndi nthambi zikuluzikulu zophukira pamalo amodzi. Maonekedwe amenewa ndi ntchito ya nkhwangwa. Mtengo ukadulidwa pansi, mphukira zake zimadyedwa ndi agwape. Choncho akale ankaudula pamtunda wa mamita 2 mpaka 3, pomwe mlomo sufika, n'kumabwera pakapita zaka zingapo kudzasadza nthambi za nkhuni, milimo ndi masamba odyetsa nyama. Mtengo wosadzidwa chotero sulemedwa kumutu ndipo umakhala zaka zambiri kuposa wosiyidwa.

Vuto linabwera kusadzako kutalekeka, malasha atalowa m'malo mwa nkhuni. Nthambi zomwe zinkayenera kudulidwa zikadali zazing'ono zakula zaka zoposa 100 pamwamba pa thunthu lamphako, ndipo kulemera kwake kumatha kung'amba mtengo pakati. Kuzidula zonse kamodzi kumaupha, chifukwa mtengo wokalamba ulibe mphamvu yophukira pakhungwa lokhuthala. Amisiri amafupikitsa nsonga pang'ono, n'kudikira zaka zingapo kuti aone ngati waphukira m'munsi, kenako n'kudulanso. Mitengo yaing'ono yomwe yauphimba amaichotsanso pang'onopang'ono, popeza khungwa lozolowera mthunzi limapsa likaonekera padzuwa mwadzidzidzi.

Chopha china sichioneka: mapazi. Mizu yomwa madzi ili m'masentimita ochepa a pamwamba pa dothi ndipo imafika kutali kupitirira nthambi. Anthu akamapondaponda, dothi limagwirana, mpweya sulowa, ndipo bowa wothandiza mizu amafa. Muyeso wodziwika ndi kuteteza malo ofika kutali ka 15 kuposa kunenepa kwa thunthu. Mtengo wa thunthu la mamita 2 m'mimba mwake umafuna mamita 30 mbali zonse. N'chifukwa chake mitengo ina yazingidwa ndi timipanda kapena nthambi zouma, ndipo njira zina zinapatutsidwa.

Mphako si matenda. Mtima wa mtengo ndi nkhuni yakufa kale. Mbali yamoyo ili pansi pa khungwa. Bowa wina amadya mtimawo n'kuusandutsa ufa wofiirira, thunthu n'kupepuka, ndipo nthawi zina mtengo umameretsa mizu m'kati mwa mphako yake n'kumadya zowola zakezo. M'mphakomo mumagona mileme, akadzidzi, ndi zinkhwe zobiriwira zomwe zinachokera kunja n'kuchulukana mu London. Mu ufa ndi m'zipika zowola mumakhala zikumbu. M'pakiyi mwapezeka mitundu yoposa 1,300. Chotchuka ndi stag beetle, chomwe champhongo chimafika masentimita 7.5 ndipo nsagwada zake zili ndi mphanda. Mphutsi yake imatha zaka 3 mpaka 7 pansi ikudya mizu ndi zitsa zowola, koma chikumbu chachikulu chimangokhala masabata ochepa, chikuuluka madzulo ofunda a Juni ndi Julayi. Kuzula chitsa chimodzi n'kupha mibadwo ingapo nthawi imodzi. Zamoyo za m'nkhuni zowolazi, pamodzi ndi udzu uja, ndizo zinachititsa kuti pakiyi iikidwe m'gulu la malo otetezedwa mwapadera mu 1992 ndi kukhala National Nature Reserve, malo achilengedwe otetezedwa ndi dziko, mu 2000. Kutola nkhuni, komwe Charles I analoleza osauka, lero n'koletsedwa.

Mdani watsopano ndi chiyabwe cha oak processionary moth, chomwe chinapezeka kumadzulo kwa London mu 2006. Mbozizi zimayenda mondondozana, zimadya masamba a oak, ndipo ubweya wake umayabwa khungu, maso ndi kukhosi kwa anthu ndi nyama. Zisa zake zoyera zomata pathunthu zimachotsedwa ndi antchito ovala zodzitetezera thupi lonse. Kupopera mankhwala kumachitika mosamala chifukwa kumaphanso mbozi za agulugufe ena zomwe mbalame zimadyetsa ana awo.

Chovuta kuposa zonse ndi cholowa m'malo. Pomwe pali agwape awiri pa mahekitala atatu, mbande ya oak sipulumuka pokhapokha itamera pakati pa minga. Lord Sidmouth, yemwe anali wachiwiri kwa woyang'anira pakiyi, anaona zimenezi ndipo m'zaka za m'ma 1820 ndi 1830 anadzala nkhalango zotchingidwa ndi mipanda. Imodzi mwa izo, Isabella Plantation ya mahekitala 16, yotchingidwa mu 1831 n'kutsegulidwa ngati munda wa maluwa mu 1953, imaonetsa kusiyanako bwino: m'kati masamba amafika pansi ndipo maluwa a azalea amachita kuwirira kumapeto kwa Epulo, kunja kwa mpanda kuli mbee. Mtengo wodzalidwa pabwalo umafuna khola lakelake la matabwa lotalika mamita osachepera 1.8, lotakata moti gwape asafikire nsonga ndi khosi, ndipo liyenera kukhalapo mpaka khungwa litakhuthala moti nyanga sizingalisupule. Oyang'anira amakonda kufesa njere zotola pa mitengo yakale ya pomwepo.

Ngakhale zili tero pali mpata wa misinkhu. Oak imayamba kuchita mphako yoyenera zikumbu itatha zaka 200 kapena kuposa, ndipo zikumbu zambiri za m'mphako siziuluka mtunda wautali. Mtengo wakale ukagwa pafupi palibe wina woyamba kuwola, mtundu umene unkakhalamo umatheratu pamalopo. N'chifukwa chake osamalira mitengo yakale ku England amayesetsa kutalikitsa moyo wa uliwonse wotsala, ndipo m'malo ena amavulaza dala mitengo ya zaka zapakati, kuiboola ndi sowo kapena kuthyola nthambi, kuti bowa alowe msanga ndipo mphako ipezeke yakale isanathe.